Chikwangwani Sichidzutsa Injini

Funso: Ndine makaniko wa injini za maboti ku Senga Bay. Satifiketi ya TEVETA ndili nayo, koma eni maboti amathamangirabe kwa mdala wina wopanda pepala lililonse. Ndikufuna kutenga K300,000 ya katapila kuti ndilembetse chikwangwani, ndigule maovolosi, ndidzitsatsenso pa Facebook. Ndiyambire pati?

Yankho: Achimwene, pa zitatuzo palibe poyambira. Tinene kuti wakatapilayo akufuna theka pamwamba mwezi ukatha, ndiye K450,000 imeneyo. Mukatenga mu June, mwera ukuwomba, maboti ali pamtunda, usipa kulibe, adzakulipirani ndani? Wakatapilayo adzanyamula bokosi la masipanala, inu n'kutsala ndi chikwangwani.

Funso lomwe munayenera kundifunsa ndi ili: pa injini khumi zomwe munakonza posachedwa, zingati zinabweranso ndi vuto lomwelo? Simukudziwa. Ndikudziwa kuti simukudziwa chifukwa m'kalata yanu yonse mulibe mawu akuti kope. Mdala ujatu kope lake lili m'mutu. Injini ya Yamaha Enduro ikangolira amadziwa kuti ndi ya uje, amene amamana oilo posakaniza ndi petulo. Wakhala nazo injinizo zaka zambiri, ndipo inu simungadikire imvi.

Gulani hadikava. Injini iliyonse tsamba lake: mwini, tsiku, chomwe chinavuta, sipeya yomwe mwaika, mtengo wake. Pulagi kapena impela yakale musataye, m'patseni mwiniwake m'manja aone yekha chimene walipirira. Pakapita masabata awiri muimbireni, mumve ngati ikukoka bwino. Mwini boti akadzabwera akukalipa, inu n'kutsegula tsamba n'kunena kuti kabyuleta tinatsuka mu March, vuto ndi petulo wamadzi amene mukugula m'zigubu, adzakaifotokoza yekha nkhaniyo padoko. Asodzi sakhala malo amodzi, amatsata usipa. Mawa ali ku Chipoka, mkuja ku Nkhotakota, dzina lanu lili m'boti momwemo, ulele.

Za abale simunalembe, koma ndikuwaona. Alamu abweretsa injini, ndalama alibe, inu mwaikamo sipeya yotha, mwamanga mothamanga poti ndi yaulere. Ikazima usiku pakati pa nyanja, anyamata n'kupalasa mpaka kucha, palibe adzanene kuti sanalipire. Adzati anakonza ndi uja wa pepala. Alamuwo muwachotsereko ya ntchito ngati mtima ukuwawa, koma sipeya agule yatsopano, ndipo nawonso alowe m'kope.

Satifiketiyo isungeni bwino mupulasitiki, idzafunika pofunsira ntchito ku malodji ndi ku mabungwe okhala ndi maboti. Ovolosi yomwe muli nayoyo ingochapani.