Yankho kwa asuweni pa nkhani ya fyuluta ya mpweya ya Benz

Moni nonse pagulu pano. Asuweni, mwafunsa kuti pa Benz yanu ija mugule fyuluta ya mpweya iti, pakati pa yansalu yothira oyilo, imene amati ukagula kamodzi umangochapa, ndi yapepala yotsika mtengo imene mwaipeza ku Limbe. Funsolo ndalimva, komatu ine ndinakula nanu limodzi. Munthu amene ankawerenga mtedza umodziumodzi tikamagawana pakhonde pa agogo sangafunse za fyuluta chifukwa choikonda fyulutayo. Chimene mukufuna kudziwa n'chakuti, pambuyo pa ndalama zonse zimene msonkho ndi kuombola galimotoyo zinakudyerani, kodi mungathe kufika nayo kuno ku Mulanje pa chiliza cha agogo mu Okutobala osapisanso dzanja m'thumba, makaniko atangopopera mpweya fyuluta imene ilimo kale. Ngati ndikunama munditsutse, koma ndikudziwa kuti mukuseka komweko.

Ndisanafike pa Benz yanuyo, ndiloleni ndikukumbutseni za amalume aang'ono, amene inu mumati bambo aang'ono. Achinyamata amene muli pagulu pano munawapeza atakalamba kale, choncho mvetserani. Munthu uja anagwira ntchito zaka zambiri ku esiteti ya tiyi ku Thyolo, akuyendetsa bwana wamkulu pa Land Rover zakale zija, ndipo pa madalaivala onse panalibe wosamala galimoto ngati iwo. Land Rover za nthawi imeneyo, pamodzi ndi mathirakitala amene ankanyamula masamba a tiyi kupita ku fakitale, zinalibe fyuluta yapepala. Zinali ndi chitini chachitsulo chokhala ndi oyilo pansi pake. Mpweya unkatsika m'chitinimo, n'kukhota mwadzidzidzi pamwamba pa oyilo uja, fumbi lolemera n'kugwera momwemo, lotsalalo n'kumatirira pa mawaya onyowa ndi oyilo amene anali pamwamba. Loweruka lililonse amalume ankatsitsa chitinicho, kutaya oyilo wakuda, kupala matope amene anaundana pansi, kutsuka ndi parafini, n'kuthira oyilo watsopano mpaka pa mzere. Ankanyadira kuti galimoto ya bwana sinawafere panjira ngakhale pa msewu wa ku Makwasa usanaikidwe tala, ndipo sikunali kudzitama chabe, anthu onse ankawachitira umboni.

Atapuma pantchito anatenga ndalama zawo n'kugula Peugeot... ayi, dikirani, Peugeot inali ya abusa. Yawo inali Cressida yoyera, ija inanyamula mayi anu tsiku lija anakana kukwera lole. Nthawi imeneyo Cressida inali galimoto ya anthu olemekezeka, ndipo ikatulukira pa Luchenza ana ankaithamangira. Tsono Cressida inali ndi fyuluta yapepala, ndipo amalume anaisamala monga momwe manja awo anazolowerera. Poyamba ankaitsuka ndi parafini n'kuiyanika padenga la khitchini. Kenako anapeza kompuresa kwa anyamata omata matayala, ndipo ankaipopera mpaka fumbi lofiira kutuluka lonse. Ine ndinali mnyamata wowagwirira masipanala, ndipo ndimakumbukira akuikweza fyulutayo kudzuwa, akundiuza kuti ndione momwe kuwala kukudutsira, umboni wakuti yayera. Tonse awiri sitinkadziwa kuti timadontho towala kwambiri tija tinali timabowo timene mphamvu ya kompuresa inaboola papepala.

Galimoto sinadandaule tsiku limodzi. Inayamba kumwa oyilo pang'onopang'ono, kenako inayamba kutulutsa utsi wabuluu ikamakwera zitunda za ku Thyolo, mpaka amalume anayamba kuyenda ndi chigubu cha oyilo kumbuyo. Ataitsegula injini ku Limbe, makaniko anapisa chala m'paipi yochokera ku fyuluta, chala chinatuluka chofiira ndi fumbi. Maring'i a mapisitoni anali atadyeka, makoma a masilinda atakalika. Mukukumbukira kuti chaka chimenecho ndalama zonse za nthochi zinapita kuti, ndiponso zimene zinayankhulidwa pamsonkhano wa kwa azakhali, sindizibwereza pano. Cressida inathera pansi pa mtengo wa mapeyala uja. Zimandipwetekabe mtima mpaka lero, chifukwa munthu uja sanali wotayirira ayi. Anawononga galimoto yake ndi khama lenileni, pogwiritsa ntchito nzeru ya makina ena pa makina amene sanapangidwire zimenezo.

Tsopano tibwere kwa inu. Injini ya petulo imameza malita a mpweya oposa 9,000 kuti iwotche lita imodzi yokha ya mafuta, ndipo ya dizilo ngati yanuyo imameza ochulukirapo. Mpweya wonsewo, ndi fumbi lake lonse, umadutsa papepala lopindapinda lija, palibenso mlonda wina. Fyuluta ili ngati sefa ya ufa, ikang'ambika pamalo amodzi ndiye kuti misere yonse yalowa m'nsima, ngakhale mbali zina zonse zikhale zabwino. E350 CDI yanuyo ili ndi injini ya V6 imene a Mercedes-Benz amaitcha OM642, ndipo ili ndi mafyuluta a mpweya awiri, ina kumanja ina kumanzere, osati imodzi monga mwalembera. Mpweya ukachoka pa mafyulutawo umadutsa pa sensa yoyeza kuchuluka kwake, kenako umalowa mu turbo, chipangizo chokankhira mpweya wochuluka mu injini, chimene chili ndi kagudumu kachitsulo kamapiko kamene kamazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi. Kamchenga kakagunda mapiko othamanga choncho kamawadya m'mphepete. Cressida ya amalume inalibe turbo, komabe fumbi linaigonjetsa.

Choncho yankho langa n'lakuti pa ziwiri mwatchulazo musagulepo iliyonse, ndipo makaniko asayandikitse kompuresa pa fyuluta ya galimoto imeneyo. Gulani mafyuluta awiri apepala, atsopano, enieni, ndipo muwasinthe onse pamodzi musananyamuke.

Yansalu yothira oyilo ija imakoma kuimva chifukwa amati imalowetsa mpweya wambiri, koma kuno vuto lathu si kuchepa kwa mpweya, vuto lathu ndi fumbi losalala la mu Seputembala ndi Okutobala. Ubwino wake umadalira kuti woichapayo athire oyilo wake wapadera pa muyeso woyenera. Akathira wochepa fumbi limadutsa, akathira wambiri oyiloyo amakamata pa sensa ija, galimoto n'kuyamba kufooka ndi kuyatsa nyali ya injini. Inu asuweni, amene simudziwa n'komwe kumene kuli chotsegulira boneti, ndi amene muzichapa fyuluta ndi kuyeza oyilo? Yotsika mtengoyo vuto lake nthawi zambiri limakhala pa labala wa m'mphepete. Labalayo akakhala wouma, kapena akaperewera pang'ono pokha, sakhala bwino m'bokosi mwake, ndipo mpweya umalambalala pepala n'kudzera m'mbali ndi fumbi lake lonse, fyulutayo ikuoneka yoyera bwinobwino.

Si kuti mukuyenera kugula yokhala ndi nyenyezi ya Benz pabokosi basi. Makampani a ku Germany monga Mann, Mahle ndi Hengst amapangira mafyuluta makampani a galimoto omwewo, ndipo amagulitsanso m'mabokosi awoawo pamtengo wotsikirapo. Chofunika n'chakuti musagule potchula dzina la galimoto lokha, chifukwa ma E-Class alipo a mainjini osiyanasiyana. Tengani nambala ya chasisi, ili ndi zilembo ndi manambala 17, ili pa bulubuku wanu, wogulitsa afufuze ndi imeneyo. Akakupatsani, tsegulani bokosi pomwepo, muone ngati mapindo a pepala ali ofanana ndiponso othithikana, mufinye labala mumve ngati ndi wofewa, ndipo muiyerekeze ndi yakale. Musalole kuti akupatseni fyuluta ya mkati mwa galimoto, ija imasefa mpweya wa eyakoni, chifukwa imeneyo ndi ya mphuno zanu, si ya injini.

Posintha muimepo nokha. Makaniko apukute mkati mwa bokosi ndi nsalu yonyowa pang'ono asanaike yatsopano, ndipo inu mupise chala m'paipi ya kumbali ya injini monga anachitira makaniko wa amalume uja. Mukapezamo fumbi ndiye kuti pali pena pamene pakudutsa, mwina paipi yang'aluka kapena kilampu yamasuka, ndipo fyuluta yatsopano payokha siingathetse zimenezo.

Za makilomita amene ali m'buku la galimoto, kumbukirani kuti galimotoyo inkayenda ku England pa tala wokhawokha, ndipo buku lomwelo limanena kuti kumalo a fumbi fyuluta isinthidwe kawirikawiri. Kuchokera ku Limbe kudzera msewu wa Midima mpaka pa Chitakale mulibe vuto. Vuto limayamba mukasiya tala kulowera kwathu, kumene mudzakhala mukutsata fumbi la malole ndi la akabaza a njinga zamoto, ndipo chichokereni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 njira ija sinabwererenso mwakale. Muziiona fyuluta nthawi iliyonse mukamasintha oyilo, ndipo ikada muziitaya. Nyengo ya mvula musamalowe nayo m'madzi akuya pa kamtsinje kathu kaja, chifukwa pepala likanyowa limafooka, ndipo madzi akafika mu injini ya dizilo amapinda zitsulo za mapisitoni.

Ndibwerezenso kuti mumve bwino, popeza ndikudziwa kuti mudzamvera uthengawu mukuchita zina: mafyuluta awiri apepala a kampani yodziwika, ogulidwa ndi nambala ya chasisi, osinthidwa limodzi, ndipo osapopera. Mtengo wa awiriwo sufika n'komwe pafupi ndi mtengo wa turbo imodzi. Alamu, ngati mukumvetsera, thandizeni kuwakumbutsa asuweni angawa asanayambe kuwerengera makobiri, kuti agule awiri atsopano ndipo kompuresa ikhale ya matayala basi. Nambala ya chasisi ija munditumizire kumbali, osati pagulu pano. Lachisanu ndikupita ku Limbe, ndikafunsa mitengo m'masitolo a masipeya ndipo ndikakuimbirani ndili komweko.