Mababu a usiku m'munda wa dragon fruit: yankho kwa mlimi wa ku Salima

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Salima. Anadzala dragon fruit pa mizati 40 zaka ziwiri zapitazo, ndipo mwana wawo wawaonetsa pa foni zithunzi za minda ya ku Vietnam ili ngwee usiku ngati tauni. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi mababu amenewa ndi amene amakulitsa zipatso? Nanenso ndigule?"

Zikomo bambo polemba. Ayi, mababu aja sakulitsa chipatso. Ntchito yake ndi kunamiza chomera kuti chiziyesa nyengo yobereka yafika pomwe isanafike.

Dragon fruit ndi mtundu wa cactus (zomera zaminga zosunga madzi) wochokera ku Mexico ndi ku Central America, ndipo imachita maluwa pa nyengo imene usana uli wautali kuposa maola 12. Kunena zoona, chimene chomeracho chimayeza ndi kutalika kwa mdima. Usiku ukatalika, nthambi zimangokhala zobiriwira, osatulutsa mphukira ya duwa ngakhale imodzi. Mukaudula mdima uja ndi kuwala, makamaka kuwala kofiirira, chomera chimayamba kukonzekera maluwa. N'chifukwa chake babu loyera mbee la m'nyumba siligwira bwino ngati lachikasu kapena lofiirira.

Ku Vietnam chipatsochi amachitcha thanh long, ndipo dera lotchuka nacho ndi Bình Thuận. Kumeneko chimabereka chokha kuyambira cha mu Epulo mpaka Seputembala. Vuto n'lakuti nthawi imeneyo aliyense ali nacho, ndiye mtengo umagwa. Alimi amayatsa mababu m'miyezi ya usiku wautali, cha mu Okutobala mpaka Febuluwale, kuti akolole pamene msika wa ku China ukulipira bwino, komanso pa chikondwerero chawo cha chaka chatsopano chotchedwa Tết. Amayatsa masiku 15 mpaka 20 otsatizana, maola 8 mpaka 10 usiku uliwonse, kenaka n'kuzimitsa. Pakapita masiku ochepa mphukira zimaoneka. Duwa limamasula usiku umodzi wokha, kukacha lafota, ndipo chipatso chimapsa patatha mwezi umodzi ndi masiku ochepa. Ku Taiwan ena amangoyatsa maola anayi pakati pa usiku, chifukwa chofunika ndi kuudula mdima basi.

Tsono tiyeni tiwerengere, pakuti apa ndi pamene zithunzi za pa foni sizinena. Hekitala imodzi imakhala ndi mizati pafupifupi 1,000. Tiyerekeze babu limodzi pa mzati uliwonse. Ndi mababu akale a mawati 60, maola 10 kwa masiku 15, mwatha mayunitsi 9,000 a magetsi pa ulendo umodzi wokha. Ndi LED ya mawati 10 mumatha 1,500. Mukuona chifukwa chake alimi ambiri a ku Vietnam anasiya mababu akale aja. Kwa inu a mizati 40, LED yoyaka maola 8 idya mayunitsi atatu ndi pang'ono usiku uliwonse. Si zambiri, sola yokhala ndi batire labwino itha kukwanitsa. Ndatchula sola dala. Magetsi akazima masiku angapo pakati pa ntchitoyi, chomera chimabwerera ku mdima wake wautali ndipo mukhoza kungowononga ndalama.

Kwathu kuno nyengo ndi yotembenuka. Usana wathu umatalika kuyambira Okutobala mpaka Malichi, ndipo umafupika kwambiri mu Juni. Koma mu Juni ndi Julaye ndi m'mene kumazizira, ndipo dragon fruit ikamva kuzizira usiku, kutsika pansi pa madigiri 15, sichita maluwa bwino ngakhale muiyatsire mababu angati. Bình Thuận ndi dera lotentha chaka chonse, n'chifukwa chake iwo zimawayendera. Mlimi wa ku Dedza ndikanamuuza kuti aiwaleko. Inu a m'mbali mwa nyanja muli ndi mwayi, monganso a ku Chikwawa ndi Nsanje.

Ine ndikanakhala inu, sindikanalimbana ndi Juni. Ndikanayesa kumapeto kwa Ogasiti kapena mu Seputembala, kutentha kukuyamba, kuti ndikolole anzanga asanayambe. Ndipo ndikanayesa pa mizati khumi yokha, ina 30 n'kuisiya kuti ndifananize. Sankhani mizati ya nthambi zokhwima, zonenepa, zolendewera pansi. Nthambi yanthete siibereka. Thirani manyowa ndi madzi musanayatse, chifukwa mukukakamiza chomera kubereka pa nthawi yake yopuma, ndipo mukachichita kawirikawiri chimatopa, zipatso n'kumachepa msinkhu. Babu lipachikeni pakati pa mizati, pa msinkhu wa nthambi, ndipo mawaya ndi zomangira mababu zikhale zosalowa madzi. Izi muitanire wodziwa zamagetsi, musalumikize nokha m'munda wothirira.

Chimodzi simunandiuze m'kalata yanu: mumagulitsa kuti? Ngati ogula anu ku Lilongwe kapena m'mahotela a kunyanja amalipira mtengo umodzimodzi mwezi uliwonse, mababu sakubwezerani kanthu. Afunseni kaye kuti angawonjezere zingati pa chipatso cha mu Novembala, ndipo mundilembere zimene akuyankheni.