Za ufa wa bowa ndi mawondo otupa a amayi

Achemwali, mwafunsa ngati amayi angasiye ibuprofen, mankhwala a ululu ndi kutupa omwe anapatsidwa kuchipatala, n'kuyamba kumwa ufa wa bowa umene ukugulitsidwa pamsika ku Ulongué, poti ogulitsawo akuti umaphwetsa mawondo. Ine ndikuti asasiye.

Ogulitsawo sananame zonse ayi. M'bowa muli zinthu zina zachilengedwe monga beta-glucan, komanso ergothioneine yomwe Mfalansa wina, Charles Tanret, anaitulukira mu 1909. Thupi lathu silipanga ergothioneine, timangoipeza m'zakudya, ndipo bowa ndiye ali nayo yambiri. Mu 2005 akatswiri anapeza kuti maselo athu ali ndi kakhomo kakekake kolowetsera chinthuchi. Zotengedwa m'bowa zikayesedwa, zimachepetsadi mphamvu ya COX-2, michere ya m'thupi yoyambitsa ululu ndi kutupa, yomweyo imene ibuprofen amalimbana nayo kuti ululu ndi kutupa zitsike.

Koma funsani kuti anayesa pa ndani. Kwambiri ndi pa mbewa za m'labotale ndi pa maselo a m'mbale, ndi mankhwala oyengedwa bwino, osati supuni ya ufa m'phala. Ngakhale lentinan, mankhwala otengedwa m'bowa wotchedwa shiitake, yemwe ku Japan anamuvomereza mu 1985, amabayidwa ndi dokotala pothandizira mankhwala a khansa ya m'mimba. Si wa nyamakazi. Ndiye ufa wa m'kapepala kopanda dzinawo, mukudziwa kuti anasinja bowa wanji?

Chomwe ndingachite ine n'chapafupi. Mvula ikakhazikika mu Disembala, utale ndi nyonzwe zimatuluka pachulu, manyame m'nkhalango za mombo cha ku Macanga ndi Chifunde. Aphikireni amayi, otendera ndi nsinjiro, ndipo msuzi musataye chifukwa ergothioneine imasungunukira m'madzi. Wotsala muyanike padzuwa. Agogo athu ankafutsa pongofuna ndiwo za m'chilimwe, osadziwa kuti dzuwalo limawonjezera vitamini D m'bowamo, yemwe mafupa a munthu wamkulu amamufuna.

Pozula pokha musatume ana okhaokha. Ndelema tonse timamukonda, koma ali pa ubale ndi bowa wa mtundu wa Amanita wowononga chiwindi, ndipo wakuphayo kuphika sikumuchotsa ululu wake. Munthu amayamba kusanza patapita maola 6 kapena kuposa, atagona kale.

China, ngati amayi amwa ibuprofen kwa miyezi, abwerere kuchipatala akawaonenso, pakuti amakanda m'mimba ndi kutopetsa impso. Bondo likatentha, kufiira, iwonso thupi n'kutentha, musadikire mawa.