Kakompyuta kotsatira kadzadziwe kuti kuno magetsi amathima

Achimwene ena a ku Bangwe anditumizira imelo, akufunsa zomwe ndingakonde zitasintha pa Raspberry Pi yotsatira, kakompyuta kakang'ono ka bolodi imodzi. Iwo akuti akufuna liwiro ndi RAM (memore yogwirira ntchito) yochuluka. Achimwene, mwaponda pachilonda.

Chaka chatha ndinaika kabolodi kamtunduwu m'golosale ya alamu anga ku Ndirande, kuti kazisunga kaundula wa katundu ndi ngongole. Miyezi itatu kanagwira bwinobwino, ine n'kumadzitama. Tsiku lina madzulo magetsi anathima kali mkati molemba. Atayaka, sikirini ili bii, kanyali kofiira kokha kali ngwee. Khadi ya microSD, momwe kamasunga zonse, inali itapita, pamodzi ndi mayina a onse amene anatenga shuga ndi sopo pangongole. Alamu sanayankhule kanthu. Anangowerama, n'kutulutsa kope lakale pansi pa kauntala, n'kupukuta fumbi ndi chitenje, n'kuyamba kulemba ndi bolopeni. Mpaka lero ndikafika amati "abwana a makompyuta abwera, bisani makope."

Khadiyo ndinagula motchipa kwa mnyamata wina pamsewu ku Limbe, ndiye mlandu wina ndi wanga. Koma ngakhale khadi yabwino siikonda kudulidwa magetsi ikulemba. N'chifukwa chake nkhani ya liwiro imandikwiyitsa. Raspberry Pi 5 inatuluka mu 2023 ndi purosesa (ubongo wa kompyuta) ya 2.4GHz, ndipo ya RAM ya 16GB ilipo kale. Liwiro limenelo mukufuna kuthamangitsa nalo chiyani pa golosale? Kuti igwire mokwanira imafuna chaja ya 27W, ya 5V ndi 5A. Kunotu ambiri tili ndi batire la sola la 12V pakona, ndiye umayamba kusaka kachipangizo kotsitsa mphamvu, ndipo ukapeza kabodza bolodi imangodandaula kuti magetsi achepa. Bwanji osangoika polowera polandira 12V mwachindunji?

Ndiye pali kutentha kwa mu Okutobala. Pansi pa malata, popanda fani, purosesa imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse. Ukaika fani, imakoka fumbi lonse la mumsewu. Liwiro munalipira lija lathera pomwepo.

Za chingwe cha sikirini chakamutu kakang'ono cha micro-HDMI, chomwe chinayamba ndi Pi 4 mu 2019, ndisayambe n'komwe. Ndinayenda mashopu kuchokera mu Haile Selassie mpaka ku Limbe, aliyense akunditulutsira HDMI wamba. Pobayira mahedifoni napo anachotsa pa Pi 5, chonsecho masipika athu ambiri ndi a pini yomweyo.

Mtengo nawo. Yoyamba mu 2012 inali madola 35, ndipo cholinga chinali choti ana aphunzirire. Mu Novembala 2023, Pi 5 itangotuluka kumene, kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Onjezani chaja, fani, kabokosi, chingwe ndi zotumizira, mupeza kuti laputopu ya kaunjika ikukukodolani.

Pabwino ndiyamikire: Pi 5 ili ndi batani loyatsira ndi wotchi yomwe ukailumikiza kabatire siiwala nthawi magetsi akathima. Zimenezo ndiye zathu.

Ndiye ndikufuna chiyani?

Chosungira cha eMMC chomatidwa pa bolodi pomwepo. Pa Compute Module, mtundu wina wa Raspberry Pi, anaika kale, ndiye n'zotheka. Polowera magetsi a 12V. Kanthu kosunga mphamvu ya masekondi ochepa, kuti kompyuta imalize kulemba n'kudzizimitsa mwaulemu. HDMI yaikulu imodzi. Basi.

Inuyo achimwene, musadikire yotsatirayo. Gulani Pi 4, kapena Pi 5 ngati thumba likulola, muike chosungira cha SSD m'malo mwa khadi, ndipo ndalama ya RAM yowonjezerayo mugulire kabatire koima pakati pa magetsi ndi bolodi. Kopenso musataye. Alamu anga akuti la masamba 192 likadalipo m'shopu mwawo, koma inu sakupatsani pangongole.