Masters ya kunja imatenga zaka zingati?

Funso: Zikomo alangizi. Ndine mphunzitsi wa sekondale kuno ku Chipoka, Salima, digiri ndinatenga ku Chanco zaka 6 zapitazo. Ndikufuna masters ya kunja koma mayi akunyumba ali ndi khanda ndiye sindikufuna kukakhalitsa. Mu staff room wina akuti chaka chimodzi wina akuti zitatu, zoona ndi ziti?

Yankho: Aphunzitsi, anzanuwo onse akunena zoona, kungoti aliyense akukamba za dziko lake.

Ku UK masters yambiri ndi ya miyezi 12 basi, kuyamba Seputembala, makalasi mpaka cha mu Meyi kenako dizeteshoni (lipoti lalitali la kafukufuku wanu), mwamaliza. Koma musaione kufupika, zimene ena amaphunzira zaka ziwiri kumeneko amazipanikiza m'chaka chimodzi, holide yeniyeni palibe ndipo 4 koloko masana mu Disembala kunja kumakhala kwada kale inu muli mu laibulale. Sikolashipu ya Chevening, ya boma la UK, imafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka 2, inu mwadutsa kale pamenepo, ndipo mukamaliza amati mubwerere kwanu mukakhaleko zaka 2.

Ku America, ku Germany ndi ku India werengerani zaka 2. Ku China ndi 2 kapena 3, ndipo ngati kosiyo ili m'Chitchaina mumayamba mwaphunzira chilankhulocho pafupifupi chaka chonse, apo ndiye khanda lija mudzalipeza likupita ku nasale. Ku South Africa ndi chaka chimodzi kapena ziwiri, koma mapepala anu ayamba aunikidwa ndi a SAQA, bungwe la kumeneko loona za mapepala a maphunziro, ndipo mwina angakuuzeni muyambe mwachita Honours (digiri ya pakati pa yoyamba ndi masters), chaka chinanso.

PhD ndiye nkhani ina, ku UK zaka 3 kapena 4, ku America 5 kupita m'tsogolo poti amayamba ndi makalasi.

Chimene ambiri amaiwala ndi nthawi yodikira. Mafomu a Chevening amatsegulidwa cha mu Ogasiti koma sukulu mumakayamba Seputembala wa chaka chinacho, pakatipa pali ma transcript oti mukatenge ku Zomba, makalata a ma referee, intaviyu ku Lilongwe, viza, komanso study leave ku unduna.

Ine kwa inu ndikuti yesani UK. Koma khalani pansi ndi mayiwo kaye musanadzaze fomu, chifukwa ndalama ya sikolashipuyo ndi ya munthu mmodzi, banja siiwerengera, ndiye mugwirizane bwino za lendi, za chimanga ndi amene azidzawathandiza mwana akadwala usiku inu muli kutali.