Tikufuna kukamangitsa ukwati ku Nyika, makolo adzangoona zithunzi

Zikomo Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 29, Mchewa wa ku Dedza, koma ndimagwira ntchito ku Lilongwe. Ndili pa chibwenzi ndi mnyamata wa ku Rumphi, ndipo chaka chino tikukwanitsa zaka zinayi. Makolo mbali zonse akudziwa za ife, ngakhale a kwawo sanafikebe kwathu mwamwambo.

Titangotchula za ukwati, nkhani inachoka m'manja mwathu. Mayi anga anaika komiti, ndipo gulu la pa WhatsApp lili ndi anthu 63, ena sindikuwadziwa n'komwe. Akuti chinkhoswe, bridal shower, send-off, kenako ukwati wa muholo wa anthu 500. Bajeti itatuluka ndinalira usiku wonse, chifukwa ndalama imeneyo ndi yomwe takhala tikusunga kuti tigule puloti. Mkulu wanga anadutsa njira yomweyi, ndipo mpaka lero akubweza katapila wa ukwati pamene mwana wawo wayamba kale sukulu.

Bwenzi langa akuti tizisiye zonsezi. Tikwere galimoto ife awiri, mnzake mmodzi, mnzanga mmodzi ndi wojambula, tikamangitse ukwati pamwamba pa phiri ku Nyika, makolo adzaone zithunzi tikabwerako. Akuti banja ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule. Ku Nyika ndinapitako kamodzi ndi a kuntchito ndipo mtima wanga unatsala komweko. Ndikufuna ndithu, Azakhali, koma ndikaganiza nkhope ya mayi anga tulo sitibwera. Kodi ndi kulakwa? Ngati si kulakwa, tiyambire pati?

Wothedwa nzeru, Lilongwe

Mwanangu,

Za puloti uli pa chilungamo, ndipo pamenepo sinditaya nthawi. Ndaona maukwati okwanira oti keke yake inali yosanja kasanu, koma pakutha pa mwezi eni ake akubisala kuchipinda landilodi akugogoda. Palibe lamulo la boma kapena la mpingo lonena kuti ukwati ndi anthu 500. Ukwati wa anthu asanu ndi ukwati ndithu, ndipo phiri la Nyika silinalakwire munthu.

Chimene chandiimitsa m'kalata yako ndi mzere umodzi umene waulemba ngati wongodutsa: zaka zinayi, a kwawo osafika kwanu. Ndaubwereza kawiri. Munthu amene sanatumize thenga kwa amalume ako, lero ndiye akubweretsa nzeru yoti mukwatirane makolo asakudziwa. Sindikunena kuti mnyamatayo ndi wabodza. Mwina akungoopa malowolo, kapena watopa ndi phokoso la komiti ngati iweyo. Koma umufunse funso limodzi, maso ndi maso, foni zili pansi: tikachotsa holo, DJ, madiresi a operekeza ndi zonse zodya ndalama, kutsale kukumana kwa ankhoswe basi, kodi uvomera? Akavomera mosazengereza, ndiye kuti vuto lake linali ndalama, ndipo zotsalazi n'zosavuta. Akayamba kukanda m'mutu, pali chimene akuthawa, ndipo uyenera kuchidziwa usanagule nsapato.

Mawu akewo oti wachitatu ndi kapasule amanena za munthu wolowerera banja la eni. Nkhoswe si kapasule. Achinyamata ambiri a m'tauni mumasokoneza phwando ndi unkhoswe chifukwa masiku ano zimachitikira muholo imodzi, MC ali pa chimkuzamawu. Phwando ndi mpunga, nkhuku ndi magule. Unkhoswe ndi pangano la mabanja awiri loti ana athuwa akadzavutana tidzakhala pansi, wina akadzadwala tidzauzana, wina akadzatisiya tidzadziwa koyambira. Phwando mutha kulidula mpaka kutsala kadzanja kokha. Unkhoswe ukaudula, ntchito yake umadzaiona tsiku loipa.

Zaka zapitazo ndinakhala pa siwa ya mayi wina wachitsikana amene anangolowana ndi mwamuna wake m'tauni. Anakhala bwino zaka zambiri, ana atatu, nyumba ya malata. Tsiku la maliro abale a mkazi anafika pa lole, anatsika, anakhala pansi pa mtengo wa mango kunja kwa mpanda, osalowa. Amalume ake anangofunsa funso limodzi, motsitsa mawu: mwana wathuyu munamutenga kwa yani? Bambo uja, munthu wa ulemu wake kuntchito, anagwada pa fumbi atavala suti, palibe woti amuyankhire chifukwa analibe nkhoswe. Thupi linagona masiku awiri akukambirana za chindapusa, adzukulu atakumba kale manda. Amene anathamanga kukagulitsa ng'ombe anali bambo ake a mwamunayo, munthu wokalamba amene sanafunsidwe chilichonse tsiku lolowana lija. Nkhuyu zodya ana zimapota akulu.

Kwa inu awiri nkhaniyi ndi yolemera kuposa apo, chifukwa mukuchokera ku miyambo iwiri yosiyana. Kwanu ku Dedza mwini mbumba ndi malume, ndipo ana amawerengedwa kuchikazi. Kwa Atumbuka kuli malowolo, mkazi amapita kwa mwamuna, ndipo ana ndi a kuchimuna. Inu mukhala ku Lilongwe pa puloti yanu, inde, koma mafunso oti malowolo aperekedwa kapena ayi, ana ndi a mbali iti pa mwambo, mmodzi wa inu akamwalira akaikidwa kuti, sayankhidwa ndi zithunzi za pa phiri. Amayankhidwa pa mkeka, akulu a mbali ziwiri atakhala moyang'anizana. Ndi bwino kuti akangane lero inu muli moyo ndi athanzi.

Ndiye palinso ichi, chimene ndaseka nditachiganizira. Msewu wopita ku Nyika kuchokera pa Rumphi boma umadutsa pa Bolero, kwa a Chikulamayembe, pakatikati pa dziko la Atumbuka. Mwana wa ku Rumphi adutse pamenepo ndi mkazi pambali, diresi loyera lili pa mpando wakumbuyo, aime kugula madzi, n'kumaganiza kuti palibe wamuona? Musanafike pa geti ya paki ya Nyika nkhani idzakhala itafika kale kwa amayi ake, ndipo idzafika ndi dzina loti wasomphola mwana wa eni.

Tsopano za mayi ako. Usawaone ngati munthu wongokonda zionetsero. Kwa zaka mwina makumi awiri akhala akuvina pa maukwati a ana a anzawo, kusinthitsa ndalama kwa makashiya, kuponya pa perekaniperekani, kusonkha za nsalu ya yunifomu, kugona ku mapoto mpaka mbandakucha. Kupatsa n'kuika. Anthu 63 a pa gulu lija ambiri ndi amene akufuna kudzabweza, ndipo mayi ako akudikira tsiku loti nawonso aitanidwe kutsogolo monga make mkwatibwi. Ukawalanda tsikulo mwakachetechete, Lamulungu lotsatira adzalowa m'tchalitchi amayi anzawo akuyang'anana, wina n'kufunsa monong'ona ngati mwana uja ali ndi pakati. Manyazi amenewo adzawasenza okha, iwe uli kuntchito.

Choncho uwapatse tsiku lawo, koma likhale limodzi. Chinkhoswe chichitikire pakhomo ku Dedza, pabwalo, popanda holo ya lendi. Ankhoswe asinthane tambala ndi msoti, ulandire lichero ndi chipande, iye alandire nkhwangwa ndi khasu, amayi avine, aponye ndalama zawo mpaka fumbi kobo. Zophika zichokere m'nkhokwe ndi m'khola. Bridal shower ndi send-off zigwe, pakuti zinabwera dzulodzuloli ndipo agogo ako anakwatiwa popanda zimenezo. Koma nkhani imeneyi usailembe pa WhatsApp, ndipo usatuluke m'gulumo mwaukali. Pita kwa amalume ako ndi paketi ya shuga, ukhale pansi, uwauze za katapila wa mkulu wako ndi za puloti. Amuna achikulire nkhani ya malo amaimva msanga. Iwowo ndiwo akalankhule ndi mlongo wawo. Mayi ako adzanyanyala sabata imodzi kapena ziwiri, ulole zimenezo.

Za boma nazo muzidziwe, chifukwa kulumbira pamwamba pa phiri pamaso pa wojambula si kumangitsa ukwati. Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa kwa DC kapena kwa Registrar General, wa pa mwambo, wa ku mpingo, komanso wa anthu amene akhalira limodzi nthawi yaitali, koma wotsirizawu amachita kuutsimikiza ndi khoti, nthawi zambiri zinthu zitavuta kale. Mukasankha wa kuboma, mumapereka chidziwitso chimene chimakhomedwa poyera masiku 21, kuti amene akudziwa choletsa abwere adzanene, ndipo tsiku losaina pamafunika mboni ziwiri. Ukwati umenewu ndi wa mkazi mmodzi, mitala sailola. Waona tsopano kuti ngakhale boma silifuna ukwati wa m'chibisira, ndipo masiku 21 amenewo ndi chitetezo chako iweyo. Sunandiuze kumene umapemphera. Ngati ndi ku Katolika, ukwati umadalitsidwira m'tchalitchi, ndipo wansembe sangangonyamuka nanu kupita kuphiri popanda chilolezo cha episkopi. Mipingo ina yambiri imafuna chilangizo ndi kulengeza masabata angapo. Njira yosavuta ndi iyi: sainani kwa DC kapena dalitsani m'tchalitchi m'mawa wa pakati pa sabata, makolo ndi ankhoswe alipo, anthu osapitirira khumi. Mukatero nyamukani ulendo wa ku Nyika muli kale bambo ndi mayi, mukanene malonjezo anu kumeneko mmene mukufunira.

Ndipo mukapite ndithu. Nyika ndi paki yaikulu kuposa zonse m'Malawi muno, inakhazikitsidwa mu 1965, ndipo mbali yaikulu ili pamtunda wopitirira mamita 2,000. Nsonga yake, Nganda, imapitirira mamita 2,600. Ine nditafika koyamba ku Chelinda, kumene alendo amagona m'pakimo, ndinaima chilili osalankhula: zitunda za udzu zotsatizana mpaka kumene maso alekezera, mbidzi zikudya pafupi ndi msewu osatilabadira, chilembwe ataima patali, fungo la mitengo ya paini ndi utsi wa nkhuni. Ndikumvetsa chifukwa chake mtima wako unatsala kumeneko.

Koma ulendo wake si wa masewera. Kuchokera ku Lilongwe mufike kaye ku Mzuzu, mugone, m'mawa mupitirire ku Rumphi. Kuchokera pa Rumphi kudzera pa geti ya Thazima kukafika ku Chelinda ndi makilomita opitirira 100, ambiri a fumbi ndi miyala, ndipo amadya maola angapo. Kagalimoto kanu kotsika ka m'tauni mukasiye, mupeze yokwera yokoka ndi matayala onse. Mafuta muthire odzaza ku Mzuzu kapena pa Rumphi, mutengenso ena m'chigubu, chifukwa kumtunda kulibe filing'i siteshoni. Munyamuke m'mawa kuti geti musaipeze yotseka, ndipo mutenge ziphaso zanu za unzika, popeza Amalawi amalipira zochepa polowa kusiyana ndi alendo akunja. Malo ogona ku Chelinda ndi owerengeka, kotero mulankhule nawo miyezi isanakwane, muwauze poyera kuti mukubwera ndi wojambula ndiponso kuti kuli kamwambo. Akuuzani malo ololedwa ndi zimene a nthambi yoona za mapaki amafuna. Ndi kunyumba kwa nyama kumeneko, kuli akambuku, ndiye za kuyenda nokha m'tchire kusaka malo okongola ojambulira muiwale, mutenge wokuperekezani. Zoimbira zaphokoso, mabaluni ndi timapepala towaza zija zitsale ku Lilongwe. Maluwa a m'paki sathyoledwa, mubwere ndi anu.

Mwezi musankhe mwanzeru. Juni ndi Julayi kumwamba kumayera bwino, koma usiku chisanu chimagwa mpaka udzu kuchita mbuu m'mawa. Mkwatibwi wa diresi la mapewa pamtunda adzatuluka pa zithunzi milomo ili bii, mano akugundana. Nthawi ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndiyo ya maluwa. Nyika ili ndi mitundu yopitirira 200 ya maluwa a m'gulu la chinaka, chija ena amati chikande, ndipo zitunda zonse zimavala. Koma walira mvula walira matope: msewu umaterera, ndipo nkhungu ikatsika suona ngakhale munthu amene ukulumbira naye. Ine ndikanasankha Meyi, mvula itangosiya udzu ukadali wobiriwira, kapena Seputembala chisanu chitachepa. Mwezi uliwonse, juzi yochindikala ndi nsapato zotseka zikhale m'chikwama, zazitali zija uzivalire pa malo ojambulira pomwepo. Netiweki ndi yovuta, ndiye muwauziretu a kunyumba tsiku lobwerera kuti asayambe kuimbira apolisi. Amene amamwa mankhwala atenge okwanira, chifukwa chipatala cha boma chili kumunsi ku Rumphi.

Galimoto zokwera zija zambiri zimanyamula anthu asanu ndi awiri. Mwawerenga asanu. Mipando iwiri yatsalayo ndikanakhala ine ndikanakweza mayi ako ndi apongozi ako aakazi amene mudzawapeze panjira ku Rumphi, aliyense ndi bulangete lake. Mwina akana, ponena kuti ulendo wotero ndi wa ana. Uwafunsebe.

Yamba ndi funso lija kwa mnyamatayo sabata ino, ndipo undilemberenso zimene wayankha.

Azakhali