Tiyi wa ku China ndi mapiritsi a amayi ako

Mdzukulu wanga, uthenga wako ndaumva. Ukuti mnzako akugulitsa pa WhatsApp tiyi wa zitsamba wochokera ku China, ati amachotsa BP, shuga, nyamakazi, kusabereka komwe. Amayi ako akopeka, akufuna kusiya mapiritsi akuchipatala. Ukufunsanso ngati qi, yin ndi yang zimene amatchulazo si zamizimu.

Mantha a ufitiwo achotse. Sing'anga wa ku China saombeza ula, sagwidwa mizimu. Makolo awo ankati m'thupi mumayenda mphamvu ya moyo, qi, monga madzi m'ngalande za kudimba: ngalande ikatsekeka, bedi lina limauma, lina limamira. Yin ndi mthunzi, kuzizira, usiku. Yang ndi dzuwa, kutentha, usana. Palibe choipa pa ziwirizi. Kwa iwo munthu ali bwino pamene china sichikupondereza chinzake, ndipo moyo wake ukuyenda limodzi ndi nyengo. Madokotala atumbula matupi zaka zonsezi, ngalande ya qi sanaipeze, koma ndi maganizo amenewa amene anaphunzitsa anthu aja kumuyang'anitsitsa wodwala.

Apa ndiye tchera khutu. Sing'anga weniweni wa kumeneko amaika zala zitatu pamtsempha wa dzanja, uku ndi uku. Amakuuza utulutse lilime aone mtundu wake. Amafunsa za tulo, thukuta, ludzu, ngakhale za kuchimbudzi. Anthu awiri abwera ndi chifuwa, amatuluka ndi mitsitsi yosiyana: amene wamuona kuti wazizidwa m'kati amamuikira jinja, amene watenthedwa amamupatsa zoziziritsa. Tsono mnzako wa pa foniyo anagwira liti dzanja la amayi ako? Botolo limodzi lochiza nthenda zonse ngakhale eni mwambowo angaliseke.

Usaganize kuti ndikunyoza zitsamba zawo. Iweyo uli moyo mwina chifukwa cha chimodzi mwa izo. LA amene unkamwa ukadwala malungo, amene Malawi anayamba kupereka m'zipatala mu 2007 Fansidar atafooka, muzu wake ndi chitsamba cha ku China chotchedwa qinghao. Mu 1967 boma lawo linayamba kusaka mankhwala atsopano a malungo. Mayi wina, Tu Youyou, anafukula zolemba za Ge Hong, sing'anga wa zaka za m'ma 300, amene analangiza kuti utenge qinghao wodzaza dzanja, uviike m'madzi, ufinye, umwe. Mayiyu anaona chimene anzake sanachione: mkuluyo sananene kuti uwiritse. Moto ndiwo unkapha mphamvu ya tsambalo. Mu 1971 anaitulutsa mphamvuyo popanda kutentha kwambiri, anayesa pa mbewa ndi anyani, kenako anamwa yekha asanapatse odwala. Mu 2015 analandira mphoto ya Nobel. Anawamvera agogo ake, komabe anayesa kaye.

Zosayesedwa zinaliza anthu ku Belgium kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Amayi ofuna kuchepetsa thupi anapatsidwa mapiritsi a zitsamba momwe munalowa chomera cholakwika, Aristolochia, ndipo oposa 100 impso zinawonongeka. Nawonso ankauzidwa kuti ndi zachilengedwe. Kodi mwabvi si mtengo wa m'tchire?

Ndipo wina akadzakunong'oneza za mamba a ngaka kuti ku China ndi ndalama, thawa. Mambawo ndi chimodzimodzi zikhadabo zakozo, China yomwe inawachotsa pamndandanda wa mankhwala ovomerezeka mu 2020, ndipo kuno anthu akupita nazo kundende.

Za amayi ako tsono. Usawadzudzule pagulu, usawalande paketiyo ngati walanda mwana mpeni. Munthu wamkulu ukamuchititsa manyazi amakamwera kuchipinda. Dikira madzulo mutadya, ukhale pansi pafupi nawo, uwauze kuti BP ilibe phokoso, munthu amamva bwinobwino mpaka tsiku lomwe wagwa. Uwapemphe kuti mapiritsi asadumphitse. Tsiku lawo la sikelo ya BP likafika, uwaperekeze, paketi ya tiyiyo muitenge, adokotala akawerenge zimene zalembedwapo. Mnzakoyo usamutukwane, naye akusaka ya sopo. Ungomuuza kuti ndalama mulipira mukabwerako kuchipatala.